Boti Lothiriridwa

Chaka chimene nyanja ya Chilwa inauma ndinali ndi boti limodzi la matabwa. Ndinaligula ndi thukuta la m'khoka la anthu ena. Linkatenga anthu ndi matumba a matemba pakati pa Kachulu ndi chilumba cha Chisi.

Madzi anathawa pang'onopang'ono. Poyamba tinkakoka boti m'matope kuwatsatira. Kenaka tinaleka. Pamene tinkaponya makoka panasanduka dothi long'aluka, mwendo wa mwana kumalowa m'ming'alu. Anthu ankapita ku Chisi pa njinga. Ndinaima pakati pa nyanja fumbi likundilowa m'maso. Ndinachita mantha.

Njala inalowa. Anzanga anayamba kugulitsa maboti kwa akalipentala, asanduke zitseko ndi mabenchi. Kalipentala wina wa ku Zomba anabwera kwanga, nagogoda matabwa ndi chala, natchula mtengo. Inali ndalama ya chimanga chotifikitsa ku mvula. Ndinati abwerenso mawa.

Mkazi wanga amagulitsa matemba ouma kuyambira ali mtsikana. Anamva zonse ali pakhonde.

"Bambo a ana, ndalama imeneyo mukuiyesa phindu?"

"Ndi chakudya."

"Chakudya inde. Nanga madzi akabwera, boti lina mudzaligula ndi ndalama imeneyo?"

Ndinawerengera ndalamayo mumtima. Sikanagula ngakhale theka la boti.

"Ndiye kuluza kumeneko," anatero. "Boti ndi mpamba. Timadya zimene mpamba wabereka. Mpamba weniweniwo sitidya."

Kalipentala anabwera, ndinamubweza. Mkazi wanga anapita kukagwira ganyu m'minda ya mpunga ku Likangala. Ine anandipatsa ntchito ina. Boti likakhala padzuwa matabwa amakhwinyata, amasiyana, phula limagwa. Tinalifunditsa udzu wa njeza. M'mawa uliwonse ndinkatunga madzi pa mjigo, kuwanyamula m'zigubu pa njinga, kukathira m'botimo.

Bambo wamkulu kuthirira boti pa fumbi. Anzanga ankaseka.

"Achimwene, likaphuka mutigawireko mbewu!"

"Feteleza mwathira?"

Ndinkangothira. Koma mumtima ndinkakayika. Ana ankagona ndi phala. Nsomba zinali zitatha. Madzi akanabwera, boti likanatenga chiyani?

Tsiku lina ndinamuuza mkazi wanga zimenezi. Sanatsutse. Anati ndimuperekeze ku ganyu. Panjira anapatuka, nanditsogolera ku dziwe lina la mtsinje wa Likangala, limene akuluakulu analetsa kuponyamo ukonde kapena mankhwala.

Ndinagwada kuyang'ana. Madzi anali akuda, koma sanali matope. Anali matemba. Anali othinana, msana pa msana, dziwe lonse likunjenjemera. Pansi pake milamba ikutembenuka. Nyanja yonse ija, imene inadyetsa makolo athu, inali itadzipinda m'dziwe laling'ono, ikudikira. Ndinavula chisoti.

"Nayonso yasunga mpamba wake," anatero mkazi wanga, nanyamula khasu.

Mvula inagwa yamphamvu. Mitsinje inadzaza. M'mawa wina ndinapita ndi zigubu zanga monga mwa masiku onse, ndinapeza madzi afika okha. Ankayenda pa dothi lija mwakachetechete, ming'alu ikumwa, ikutseka. Mbalame zinali zitabwera kale. Patapita masiku boti linadzuka lokha pamene linagona. Ndinalowamo. Silinadonthe.

Maboti ena amene sanagulitsidwe anali atang'aluka. Pa Kachulu tinatsala ochepa. Amene ankandiseka anakwera langa, nalipira. Mmodzi anati, "Achimwene, laphukadi."

Madzulo ndinkapereka zonse kwa mkazi wanga. Ankayamba wapatula za phula, za misomali, za wopalasa. Zotsala ndiye ankati phindu. Pa phindupo tinkadya zina, zina ankamanga pansalu. Matemba atachulukanso, za pansaluzo zinagula matabwa a boti lachiwiri.

Nyanja idzaumanso, ndikudziwa. Zigubu zija sindinataye.