Zitenje Zinayi m'Chipululu

Amene ndinawakakamiza ndine. Anali namwino mnzanga pachipatala ku Romford, mayi wamkulu amene tchuthi chawo chonse chinkathera kumaliro kumudzi kapena pa ovataimu. Nditamva kuti anzathu akuntchito akukonza ulendo wokayenda wapansi m'chipululu cha ku Morocco, ndinawalembetsa ndisanawafunse n'komwe. Anavomera monyinyirika, n'kundichenjeza kuti akakazunzika kumeneko sadzandimveranso mpaka kalekale.

Kumanga tenti tinayeserera m'paki ya pafupi ndi kwawo. Dothi la ku London ndi lonyowa, zikhomo zinkangolowa, ndipo ine ndinadziona katswiri. M'sitima popita kubwalo la ndege ndinasuzumira m'chikwama mwawo n'kupezamo zitenje zinayi. Ndinawafunsa ngati kuchipululuko kuli chinkhoswe. Iwo anangotseka zipi.

Tsiku lachiwiri m'chipululumo, masana, miyendo itatopa kale, mphepo inayamba. Sinali mphepo ya ku Greenwich, ku London kuja, yongopinda ambulera ayi. Iyi inkatithira mchenga m'maso, m'makutu ndi m'mano, moti ngamila zinangogona pansi n'kuifulatira. Wotitsogolera anati timange matenti msanga kuseri kwa mulu wa mchenga. Ndinakhoma zikhomo ndi ukatswiri wanga wa m'paki uja, koma mumchenga zinkangozuka. Tenti inanyamuka ine nditagwira chingwe, n'kumandikoka ngati mbuzi yokana kupita kumsika. Ndinachita mantha, osati ndi mphepoyo, koma poganiza kuti mayiwa ndawabweretsadi kudzazunzika.

Nditacheuka ndinawaona atagwada, mpango uli kumaso, akuyala chitenje pansi. Anathirapo mchenga ndi manja n'kumanga ngodya zonse zinayi pamodzi, monga timamangira ufa pochokera kuchigayo. Kenako anamangirira chingwe cha tenti pamfundopo, mtolowo n'kuukwirira. Tinachita chimodzimodzi ndi zitenje zitatu zotsalazo ndipo tenti inaima nji. Azungu anzathu ataona, anayamba kuvula majuzi n'kumathiramo mchenga. Ine za chinkhoswe sindinatchulenso.

Tinalowa mkati, nsalu ya tenti ikuphupha pamwamba pathu, n'kumadya mabisiketi olumira mchenga. Ndinayamba kupepesa. Iwo anaseka mpaka misozi, nsidze zili mbuu.

"Mwana iwe, chichokereni ku Malawi, lero ndi tsiku loyamba kuti foni ya ku ward isandipeze," anatero. Kenaka anayambitsa nyimbo ya kwaya, ine n'kumavomera mosasa mawu, mtima uli mbee.

Titabwerera ku Romford mchenga unkatulukabe m'nsapato kwa milungu ingapo. Tsiku lina pa nthawi ya tiyi anandiikira pepala patebulo. Inali fomu yopemphera tchuthi cha chaka chotsatira, atasaina kale, koyamba osalembapo za maliro.

"Koma ubwere ndi zitenje zako," anatero. "Zanga sindibwereketsanso."