Masipika Amene Munasankha

Achimwene, tsiku lija mutagulitsa fodya, munandipeza m'sitolo pa boma ndikuyerekeza masipika odula, ndikutopetsa wogulitsa ndi mafunso. Inu munangotsinzina, n'kumvetsera, n'kuloza aakulu aja: “Iwe, mantha achuluka! Tenga awa, akumveketsa ngakhale mpweya wa woimba.” Ine ndinazengerezabe mpaka munatisiya.

Lero ndawagula. Powayesa, ndatsegula uthenga wa mawu womaliza umene munanditumizira muli ku Wimbe, wondiseka kuti ndidzagula nditagontha. Pafoni ndinkangomva nthabwala. Pa masipikawa ndamva chifuwa chikulira, mukupuma movutikira pakati pa mawu. Munali mukudwala kale, achimwene? Bwanji osandiuza? Munasankhadi bwino, akumveketsa zonse. Ndawazimitsa, ndangokhala pansi.