Galasi Lachita Nthunzi

Anzanga, munthu ameneyu ndinayamba kumuona nsapato, nkhope pambuyo.

Ndimagwira ntchito yachitetezo pageti la likulu lina, malo oti ngakhale ntchentche imafunsidwa chiphaso. Galimoto ikafika, dalaivala amazimitsa injini, kutsitsa mawindo onse, kutsegula buti ndi boneti, kenako n'kukaima pamzere wachikasu osasuntha. Alendo amasiya mafoni. Galu amanunkhiza mipando. Ine ndimalowetsa galasi la ndodo kunsi kwa galimoto.

Tsiku lina m'galasimo munaoneka nsapato zonyezimira.

"Chemwali, mukaupeza mtima wanga mundibwezere. Wagwera kunsi komweko."

"Bwererani pamzere, bambo!" ndinamukalipira. Koma kuseka kunandipulumuka.

Anali dalaivala wa kampani yonyamula alendo olemekezeka. Pageti tinkamutcha Magolovesi, poti magolovesi ake oyera sankachoka m'manja. Ndikaweruka ndinkamupeza akundidikira pakona. Ankanditsegulira chitseko chakumbuyo ngati bwana, ine wa yunifolomu yonunkha thukuta! Posakhalitsa "inu" anasanduka "iwe". Ndinagwa, anzanga, osati pang'ono.

Koma mafunso ake...

"Galu uja amapuma masiku ati?"

"Makamera a pageti amaona mpaka pati?"

"Ukapeza chinthu kunsi kuja, umakuwa?"

Ndinkangoti ndi care, kusamala za ine. Zina ndinkayankha moseka, zina ndinkazemba. Chimodzi sindinamuuze: ukapeza chinthu sukuwa ayi. Umanena modekha pawailesi kuti "galasi lachita nthunzi". Zikatero amfuti amatuluka, ndipo dalaivala akangosuntha phazi pamzere paja, safunsidwa kawiri.

Lamlungu lina masana anandigwira dzanja mwamphamvu kuposa masiku onse.

"Babe, mawa ndibwera ndi alendo ofulumira. Galasi lako lingodutsa mwamwambo. Usawerame kwambiri."

"Chifukwa?"

"Umandikhulupirira kapena ayi?"

Anaseka, koma maso anali gwa.

Mawa lake galu anali kwa dokotala, monga ndinamuuzira ndekha. Galimoto yakuda ya Magolovesi inafika. Injini zii. Iye pamzere. Ndinalowetsa galasi, ndipo msana wanga, pozolowera ntchito, unawerama wokha.

Pafupi ndi thanki ya mafuta panali kabokosi kakuda, komatidwa ndi tepi, timawaya tili lende.

"Iwe," ananong'ona osatembenuka. "Tsegula geti. Ukayankhula, andipha pompano."

Kuseri kwa getilo kunali anthu odzaza nyumba yonse, mpaka mayi amene amatiphikira tiyi. Kutsogolo kwanga kunali mwamuna amene ndinali nditamuonetsa kale kwa achemwali anga. Wailesi inandilemera ngati njerwa.

"Control... galasi lachita nthunzi."

Zitsulo zinatumphuka pansi kutchinga msewu. Amfuti anatuluka mbali zonse. Ndinamuona atagona chafufumimba, bondo la msilikali lili pamsana, magolovesi oyera aja ali m'fumbi. Ndinalira ngati pamaliro, poganiza kuti ndamupereka ndine.

Madzulo mkulu wa chitetezo anandiitanitsa ku ofesi.

Ndikulowa, Magolovesi ali phee pampando, akumwa tiyi. Magolovesi ake oyera aja ali patebulo, mphete yaukwati ili pachala. Kabokosi kaja kali kotsegula, mkati muli sopo.

"Awa tinawalemba ntchito kuti ayese mageti athu," anatero mkuluyo. "Inu mwakhoza. Mnzanu wa geti lakumbuyo anawatsegulira sabata yatha, ndipo ntchito yamuthera."

Mtsikana ameneyo ndinkamudziwa. Masiku onsewa ankangomwetulira yekha, akuti wapeza dalaivala wamanyazi amene mtima wake unagwera kunsi kwa galimoto.

Magolovesi anaimirira n'kundipatsa dzanja.

"Mwagwira ntchito yotamandika, mayi. Pitirizani choncho."

Mayi! Inu! Pakamwa pomwe paja pankati "iwe"!

Sindinalandire dzanjalo. Ndinapereka sawasha kwa mkulu wanga n'kutuluka, misozi ndinakaigwetsera kuchimbudzi.

Anzanga, munthu akamakonda kwambiri kumva za ntchito yanu, muzidzifunsa ngati akufuna inuyo kapena geti limene mukulondera.

Ndikadali pageti pomwepo. Madalaivala amati ndine wouma mtima, sindiseka nthabwala. Sadziwa kuti nsapato zonyezimira zikaoneka m'galasi, ndimamukumbukirabe Magolovesi. Ndimangowerama, n'kuyang'ana kawiri.