Galimoto ya Mipando Iwiri

Ku Kawale ukakhala ndi pikapu, si yako. Ndi ya mpingo, ya aneba, ya aliyense wodzagogoda nkhope ili yakugwa. A Leston Chimbalanga, owotcherera mafelemu a mawindo ku Biwi, ankazidziwa bwino zimenezi. Zaka zoyambirira za m'ma 2000, pikapu yawo inkadziwa yokha njira ya ku mochale. Lero Dedza, mkuja Ntcheu, amayi akuimba kumbuyo, iwo ali duu pa chiwongolero. Anthu ankawatama kuti ndi bambo a mtima wabwino. Mtima wake uti? Unali utatha kalekale, kungoti nkhope sinkaulula.

Atanyamula bokosi la akazi awo, mayi Vaileti, kukaika kwawo ku Ntcheu, anabwerako n'kugulitsa pikapu ija. M'malo mwake anakoka kwa mzungu wina wa ku Area 47 galimoto yofiira, yogwa pansi ngati fulu, ya zitseko ziwiri ndi mipando iwiri basi. Kawale yense anafa nacho chiseko. Eti bambo a imvi zawo kugula galimoto ya anyamata othamangitsa atsikana! Koma ochenjera anatulukira msanga kuti mmenemo bokosi silingalowe. Anthu anasiya kuwagogodera, ena anasiya ndi moni womwe. A Leston sanadandaule, sanasangalalenso.

Moyo wawo unasamukira pansi pa galimotoyo. Hampu iliyonse inkaikwapula kumimba, tsono anaikweza ndi masipuling'i a galimoto ina. Ekizozi anawotcherera yawoyawo. Redieta inkawira pa dzuwa la Okutobala, anaiwonjezera fani yachiwiri. Akaweruka ankayala katoni n'kulowa kunsi, miyendo yokha ili panja. Sikuti ankapita nayo kutali ayi. Kuzungulira ku Chilinde n'kubwerera, khutu lili ku injini.

M'nyumbamo munali mwana wawo mmodzi yekhayo, Tiyese, amene anabwerako ku banja ku Area 25 ali ndi chikwama chimodzi ndi chifuwa chosamva mankhwala. Kuchipatala anamuuza kuti adikire mankhwala atsopano otalikitsa moyo aja, koma odikira anali ambiri. Mvula itayamba, Tiyese anapempha bambo ake kuti amuperekeze ku Ntcheu, kwa amayi ake aang'ono. Aliyense ankadziwa tanthauzo la wodwala kupempha kwawo. Amafuna apite akupenya, asadzavutitse anthu kusaka galimoto ya bokosi. A Leston ankadziwa kuposa onse.

Anamuyankha kuti galimoto ikutaya oyilo, ayambe wadikira. Oyilo atasiya kudontha, akuti mabuleki akulira. Kenako pampu ya petulo. Anthu inu, galimoto imene ija inadwala matenda onse a pansi pano! Chimene amanga lero, mawa amasula. Tsiku lina anazula mpando wa kumanzere n'kuukhazika pakhonde, ati zitsulo zake zachita dzimbiri. Minibasi Tiyese sakanaitha, ndipo aneba okhala ndi magalimoto anali asanaiwale za pikapu.

Tiyese ankamva zonse pa windo. Mwana wokulira m'phokoso la injini sungamunamize. M'mawa wina anatuluka akugwirira khoma, n'kukhala pa mpando uja.

"Adadi, dzulo yalira bwinobwino."

"Ikumaphonya ikatentha."

"Siikuphonya. Ndatopa ine, adadi. Ndiperekezeni ndikadali kuona njira."

A Leston anaika pansi sipanala imene inali m'manja mwawo. Sanamve kanthu, ngakhale chisoni chimene. M'chifuwa munangochita dzanzi ngati mwendo woukhalira. Anamuuza mwanayo kuti asunthire pa mkeka, iwo akamange mpandowo.

Ananyamuka dzuwa litakwera. Anaugoneka mpando, namufunditsa Tiyese zitenje ziwiri. Mahampu onse galimoto inadutsa osakhudza, ndipo itaponda tala inangoti myaa. A Leston anatchera khutu, kufunafuna kaphokoso kalikonse kokwanira kuimira pambali n'kunena kuti tiyeni tibwerere. Pa Nathenje, zii. Pa Linthipe, zii. Pa zitunda za ku Dedza, pamene ngakhale mabasi amawira, singano ya kutentha sinasunthe n'komwe. Anaiponda mwankhanza, anasintha magiya molakwitsa dala. Ayi ndithu. Manja awo anali atagwira ntchito yabwino, tsoka lake.

Pa Lizulu Tiyese anatsegula maso n'kunena kuti galimotoyo ndi yabwino, sigwedeza munthu. Anapempha mapichesi. Atamugulira analuma kamodzi, n'kugonanso.

Kumudzi anachita kumutulutsa momunyamula, pakuti m'galimoto yogwa pansi ija ngakhale wamphamvu amatuluka chokwawa. Eni mudzi anawapatsa a Leston kampando pansi pa mtengo, monga amachitira ndi mkamwini amene ukwati wake unatha ndi manda. Anawafunsa za ulendo, anayankha kuti ayenda bwino. Dzuwa litapendeka, amayi aang'ono aja anadzawauza kuti mwana akuwafuna m'nyumba.

"Bwererani kusanade, adadi. Nyali ya kumanzere simunakonze."

Zinali zoona. Pa zonse zimene anamasula ndi kumanga miyezi imeneyo, chinthu chokhacho chakufadi anali asanachikhudze. Anamulonjeza kuti akakonza, ndipo atafika ku Kawale anakonzadi. Inali waya chabe.

Mwezi usanathe, uthenga unafika pa foni ya mwini golosale wa pafupi nawo. Mwini golosaleyo anabwera yekha, chipewa chili m'manja. A Leston anamvetsera mpaka kumapeto, n'kuthokoza. Anasamba m'manja ndi sopo wochapira, anavala jekete yawo yakuda. Galimoto inali pabwalo, yotsukidwa, petulo alimo. Anatseka geti n'kupita kukakwera minibasi.