Kaseti Imene Ndinafufuta

Nkhani iyi sindinaikambepo pagulu. Mkazi wanga anamwalira asakuidziwa, ndipo anzanga amene ndinkaimba nawo sakuidziwa mpaka lero. Ndinafufuta mawu a mnzanga amene anamwalira, ndipo ndinachita dala. Ndikulemba izi ndi dzanja langa, ine amene ndinagwira pensulo koyamba imvi zitatuluka kale. Inu owerenga, ngati mukufuna kundiweruza weruzani, koma muyambe mwamva zonse. Ndipo musathamangire kunena kuti ndi mmene amathera anthu oimba. Gitala sinalakwe kanthu. Wolakwa ndine.

Ndinali woimba bezi ku Chipoka. Ndinayambira pa babatoni, chija cha chikopa cha ng'ombe ndi waya mmodzi, kenaka ndinagula bezi yamagetsi yakale kwa bambo wina wogwira ntchito kunjanji. Ampu yathu inkayendera batire ya galimoto. Waya akaduka tinkamangapo chingwe cha buleki ya njinga yamoto, nyimbo nkumapitirira. Tinkaimba m'maukwati, m'mahotela a ku Senga Bay, ndiponso padoko sitima ikafika. Mwini mawu m'bandi yathu anali Saidi, Msilamu wa ku Lifuwu, wamng'ono kwa ine ndi zaka zambiri koma wosasowa chonena. Iye ankaima kutsogolo, ine kumbuyo pafupi ndi sipika. Anthu ankavina bezi yanga koma ankakuwa dzina la Saidi. Zimenezo sizinkandipweteka.

Chaka cha referendamu pakamwa pa anthu panatseguka. Zimene kale tinkanong'onezana titayang'ana kumbuyo, anthu anayamba kuzikamba pamsika mokweza. Apa Saidi anabwera ndi nzeru. Anati tizijambula macheza athu pa kaseti, iye akulankhula, ine ndikumuyankha uku ndikugunda bezi pang'onopang'ono, kenaka tizichulukitsa makasetiwo nkumagulitsa kwa madalaivala a minibasi ndi amalonda a nsomba. Anati anthu atopa ndi kumva mawu a mabwana okhaokha, akufuna kumva anzawo.

Tinagula kaseti yatsopano ku Salima boma. Masana ena tinakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yanga, wailesi ya kaseti pakati pathu. Tinakamba za usipa, za makhadi achipani amene tinkagula kuti tilowe mumsika, za ukwati wina umene batire inatithera mkwatibwi ali pakati pa bwalo. Saidi anaimbanso kanyimbo kogonekera mwana wake Asiyatu, amene nthawi imeneyo anali wakhanda. Zinkayenda bwino mpaka pamene anatembenukira kwa ine.

"Achimwene anga awa," anatero, "tsiku lina anagula nyuzipepala padepoti, nkukhala nayo m'tiyirumu miyendo atapingasa. Mayi wa tiyi nkuwafunsa kuti kwagwanji m'dzikomu. Iwo nkuloza chithunzi cha bambo wa suti, amvekere, pepani, bwana awa atisiya. Chonsecho munthuyo akumuyamikira kuti wakwezedwa pantchito!"

Anaseka mpaka kugwira pamimba. Nkhaniyo inali yoona. Sindinkadziwa kuwerenga ngakhale dzina langa, ndipo ndinkabisa zimenezi ngati chilonda cha pamalo obisika. Ndinasekerera nawo mongodzikakamiza. Titamaliza ndinamuuza kuti kaseti imeneyi isachulukitsidwe mpaka ndiganize bwino. Sanakane. Anatenga bolopeni nkulemba mawu papepala la pakasetiyo, kenaka anathyola timano tiwiri tapamwamba. Amene munagwirapo kaseti mukudziwa kuti timano timeneto tikathyoledwa, wailesi imakana kujambulapo zina. Anandipatsa nati, "Sungani inuyo achimwene, kwathu denga limadontha." Sindinamufunse zimene analemba. Kufunsa kukanakhala kuvomera zomwe anandiseka nazo zija.

Dzinja lomwelo Saidi anadwala matenda otsekula m'mimba. Anangotha masiku atatu. Ine ndinali ku Senga Bay, ndipo pamene ndinkafika ku Lifuwu anali ataikidwa kale, poti anzathu achisilamu sagoneka maliro. Analibe chithunzi ngakhale chimodzi. Chimene chinatsala cha iye padziko pano ndi kaseti ija, ndipo inali m'chikwama changa cha mawaya.

Nyengo ya zisankho itafika, oimba tinkafunidwa ngati mchere. Bwana wina wofuna uphungu anatuma anthu ake kwa ine. Ankafuna nyimbo yomutamanda, ijambulidwe mobwerezabwereza mbali zonse ziwiri za kaseti, kuti galimoto yake izizungulira nayo m'midzi popanda kubweza. Anati aifuna tsiku lomwelo. M'magolosale a pa Chipoka makaseti opanda kanthu anali atatha.

Pamenepa ndi pamene ndakhala ndikudzinamiza, choncho ndinene zoona. Ndinali ndi makaseti ena akale oti ndikanajambulapo. Ndikanathanso kukwera minibasi kupita ku boma. Koma ndinatulutsa ya Saidi. Ndinang'amba kapepala, nkukatafuna, nkutseka limodzilimodzi mabowo awiri pamene panali timano tija. Munthu sachita zimenezo mwangozi. Ndinkafuna kuti kuseka kuja kuchoke padziko, pasadzapezeke wina wokumva. Ndinadina batani lofiira, ndipo tinaimba nyimbo ya bwanayo mpaka manja kuwawa. Anthu ake anakopera pa makaseti awo nkundibwezera yanga. Nyimboyo inalira milungu itatu. Bwanayo anagwa pachisankho, ndipo lero palibe amene amakumbukira ngakhale dzina lake.

Patapita miyezi ingapo, mkazi wa Saidi anabwera ku Chipoka kudzagula usipa wokagulitsa, mwana ali kumbuyo. Anandipeza ndikukonza sipika pakhonde.

"Alamu," anatero, "malemu ankati munajambula mawu. Ndimati mundimvetseko, ngakhale kamodzi."

Ndinamuyang'ana m'maso nkumuuza kuti wailesi inaitafuna kasetiyo ndipo ndinaitaya. Anangoti, "Chabwino alamu, zonse ndi Mulungu," nkumanga mwana wake bwino, ulendo. Anabweranso kawiri zaka zotsatira, osafunsanso za kaseti, koma nthawi zonse maso ake ankapita pa wailesi ija.

Kuyambira pamenepo bezi inayamba kundilemera. Ndinkaimbabe, poti ndi imene inkadyetsa ana anga, koma ndikayang'ana kutsogolo kumene Saidi ankaima, zala zinkasochera. Tsiku lina ndinadzifunsa kuti, kodi ndinapha mawu a munthu kuti ndibise chiyani? Umbuli wanga unali pomwepo, sunachoke ndi kasetiyo. Sabata yomweyo ndinakalembetsa sukulu ya kwacha patchalitchi pathu. Ndinali bambo ndekha pakati pa amayi. Asodzi ankandikuwiza ndikamadutsa ndi kope m'manja kuti, "Agogo, belu lalira, thamangani aphunzitsi akukwapulani!" Ndinkawayankha kuti asunge mpweya wawo wokokera khoka. Ndinali nditaona kale zimene manyazi amachita, ndipo sindikanawalolanso kundilamula.

Zinanditengera nthawi yaitali, mutu wachikulire suthamanga. Koma linafika tsiku limene ndinayamba kuwerenga chilichonse chimene maso agwerapo: zikwangwani, mapaketi a shuga, ngakhale malembo a pa ampu yanga. Masana ena ndikufunafuna waya m'chikwama, dzanja linagwira kaseti ija. Inki inali itazilala koma inkaonekabe. Ndinawerenga chilembo chimodzichimodzi, chala chili pansi pake, monga anatiphunzitsira. Ndinkayembekeza kupeza dzina la Saidi, kapena chipongwe china cha nyuzipepala ija. Panalembedwa kuti: "Ya Asiyatu, akadzakula."

Inu owerenga, ndinakhala pansi pomwepo pa dothi. Zaka zitatu ndinkadziuza kuti ndinafufuta chinthu changa. Chonsecho ndinabera mwana wamasiye, ndipo mwini wake anali atalemba zimenezo poyera. Ndikanangofunsa tsiku lija kuti walemba chiyani, akanandiuza.

Ndinaika kasetiyo m'wailesi nkuisiya ilire yonse, kufuna kudzilanga. Nyimbo ya bwana uja inabwera, nkubweranso, mbali yoyamba yonse, mbali yachiwiri yonse. Chakumapeto kwenikweni nyimbo inaduka, kunamveka phokoso la batani, kenaka mawu a Saidi. Anali akuseka, kuseka komwe kuja. Kenaka anati, "Aaa, achimwene, musakwiye, gundani bezi." Tepi nkutha. Pa zonse zimene tinakamba tsiku lija, chinapulumuka ndi chokhacho chimene ndinkafuna kupha.

Tsono mverani, makamaka inu abambo anzanga amene mumayenda mutanyamula kanthu kobisa. Kusekedwa sikupha. Ine anandiseka asodzi, anandiseka ana asukulu, ndipo ndidakali moyo, ndikulemba. Chimene chimawononga ndi zimene munthu amachita kuti asasekedwe. Ngati simudziwa, funsani pomwepo, pamaso pa anthu, ngakhale agwe nako kuseka. Ndipo chinthu cha womwalira chikakhala m'manja mwanu, musachiyese chanu musanadziwe kuti anachisiyira yani. Sindikupempha kuti mundimvere chisoni, sindichifuna. Sindinasiyenso bezi monga ankandilangizira ena akutchalitchi, chifukwa kusiya bezi kukanakhala kunamizira chinthu chosalakwa.

Nditamvera kaseti ija, m'mawa mwake ndinamangirira wailesi, batire ndi bezi pa njinga, ndinadzera ku boma kugula kaseti yatsopano, nkupalasa mpaka ku Lifuwu. Ndinapeza mlamu wanga, mkazi wa Saidi uja, akuanika mpunga pabwalo. Anandiyalira mkeka koma ndinakana kukhala. Ndinamuuza zonse ndili chiimire, ndi za kapepala kotafuna komwe. Sanalire. Anangoti, "Zaka zitatu, alamu? Ine nkumabwera pakhomo panu?" Ndinati inde, zaka zitatu.

Kenaka ndinapempha kuti aitane Asiyatu. Ndinaika kaseti yakale ija chakumapeto nkudina. Mwanayo anamvetsera mutu atapendeka, nkufunsa kuti akusekawo ndani.

"Ndi bambo ako," ndinatero.

"Akuseka chiyani?"

"Akuseka ine."

Ndinachotsa kaseti yakaleyo nkuipereka m'manja mwa mayi ake. Ndinaika yatsopano, ndinakoleka bezi paphewa, nkudina batani lofiira. Ndipo ndinayamba kumufotokozera mwanayo, mokweza kuti zilowe bwino, za bambo wina wa ku Chipoka amene anagula nyuzipepala padepoti, nkukhala nayo m'tiyirumu miyendo atapingasa.