Bambo Anga Akuyendabe M'gemu

Inu owerenga, ndinapereka nkhope ya bambo anga kwa anthu amene sanawaonepo, ndipo mpaka lero ndikulephera kuibweza.

Kwathu ndi ku Kasinje. Nditaphunzira zojambula pakompyuta, ndinapeza ganyu pa intaneti kukampani ina yakunja yopanga magemu, masewera a pakompyuta aja. Gemu yaikulu sapanga munthu mmodzi. Gulu lathu linkapanga anthu ongodzazira, aja amene wosewera sawayendetsa: ogulitsa pamsika, odutsa m'njira, okhala pakhonde. Wina amaumba nkhope, wina amaveka zovala, winanso amapereka kayendedwe. Ine ndinali wa nkhope.

Atandiuza kuti akufuna nkhalamba, ndinati ndivutikiranji, nkhalamba ili pakhomo pomwe. Bambo anagwirapo ntchito kumigodi ya ku Joni, ndipo anabwerako ndi chipsera chodula nsidze yakumanzere. Ndinawakhazika pampando, n'kuwajambula kutsogolo, m'mbali ndi kumbuyo. Ankaseka, ati n'chitupa chanji chofuna ndi nkhongo yomwe. Ndinangoti ndi za kuntchito. Akuluakulu a gulu anachikonda chipseracho, ine n'kumadziona ngati dolo.

Bambo anamwalira gemuyo isanatuluke. Tinalira, tinameta, kenaka tinawamangira chiliza.

Itatuluka ndinalowamo kukawafuna. Ndinawapeza. Anzanga a zovala, posadziwa mwini nkhope, anawaveka sanza n'kuwagwiritsa botolo. Bambo anga anali mkulu wa mpingo, mowa sanaulawepo. Komanso kuntchito imeneyi nkhope imodzi saigwiritsa ntchito kamodzi, amangosintha chipewa, ndevu ndi msinkhu kuti chikhamu chichuluke. Mumsewu umodzi womwewo ndinakumana nawo pangodya, ndinakumana nawonso pasitolo. Wosewera akafuna amawagunda ndi galimoto, iwo n'kugwa, akadutsanso n'kuwapeza ataima pomwe paja.

Ndinapempha akampani kuti awachotsemo. Anandiyankha mwaulemu kuti zithunzizo ndinapereka ndekha, ndipo gemuyo yafala kale.

Ndinabisa nkhaniyi, koma choipa chitsata mwini. Amayi anapita ku Nsipe kukagulitsa mpunga, n'kulowa muokala ina kukatchajitsa foni. M'menemo anthu ankasewera gemu yomweyo pakanema. Anaona mwamuna wawo ali ndi botolo m'manja.

Atafika kunyumba sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anakhala pansi mpango uli kumutu, n'kundiitana. Ndinawafotokozera zonse, n'kumaliza ndi kunena kuti n'chithunzi chabe.

"Chithunzi chimatembenuka n'kukuyang'ana?" anandifunsa. "Bambo ako tinawagoneka bwinobwino. Nanga kumene akuyendayendako, adzapuma liti?"

Kuchokera tsiku limenelo amayi safikanso ku Nsipe, mpunga amatuma achemwali awo kukagulitsa. Ndikatulutsa foni pamene ali, amaphimba nkhope ndi chitenje, ndipo zimenezi zimandipweteka kuposa mawu alionse.

Achinyamata anzanga amene mukulowa ntchito zoterezi, ntchitoyo si yoipa, ine ndikuigwirabe. Koma nkhope muziumba za m'mutu mwanu. Ya munthu wamoyo musaitumize musanamuuze kumene ikupita ndi chimene akachite nayo, chifukwa ikachoka m'manja mwanu imadutsa m'manja ambiri osamudziwa. Ine ndikapita kukalambula pamanda, ndimagwada n'kupepesa, koma ndimadziwa kuti kwinakwake wina wayatsa kanema, ndipo bambo aimirira kale pangodya paja.