Galu Wodana ndi Moni

Nditangofika ku Lundazi kuchokera ku Chipata kudzaphunzitsa pasukulu ya pulayimale, chimene chinayamba kundiseketsa chinali moni. Ukafunsa munthu kuti ali bwanji, amayankha kuti, "Nili makola." Kwathu makola ndi a ng'ombe ndi mbuzi, ndiye ndinkati anthu awa ndi odzichepetsa kwabasi. Kenaka ndinazolowera kuti m'Chitumbuka akunena kuti ali bwino, nanenso ndinayamba kuyankha choncho kumsika. M'nyumba mwanga mokha ndi mmene munkamveka Chinyanja chokhachokha, poti ndinkakhala ndi mng'ono wanga basi.

Galu wanga ndinamutola chaka cha chilala chija tinkadya chimanga chachikasu. Ndinali pa njinga kuchokera ku Mwase pamene ndinamuona m'ngalande, waya wa msampha utadya mwendo wakutsogolo mpaka fupa. Amayi ena ogulitsa masuku pamsewu anandiuza kuti mwini wake anali mlenje amene anagwidwa akusaka m'nkhalango yoletsedwa ya Lukusuzi, ndipo agalu ake anangomwazikana. Anandiseka pondiona ndikumumangirira pakaliyala ndi chitenje changa. Anthu akusowa chakudya, ine ndikutola pakamwa pena. Ine ndinangopalasa.

Mwendo unapola, koma anatsala wotsimphina. Kwa ine ndi mng'ono wanga anali wofatsa mochititsa manyazi, moti nkhuku zinkamulanda mkute pamaso pake. Vuto linali alendo. Sankauwa ayi. Ankamusiya mlendo alowe pabwalo, akhale pampando, avule chipewa. Moni ukangoyamba, ankalumpha osachenjeza. Anang'amba buluku la kholo lina lodzafunsa za mwana wake, kenaka analuma katumba ka mayi wa kutchalitchi kwathu. Mbiri inawanda kuti aphunzitsi a ku Chipata aweta galu wa mankhwala, wodana ndi mtendere wa anthu.

Aphunzitsi aakulu anandiitana. Anali bambo aulemu, ndipo sindiwada.

"Madamu, galu uyu asapezeke pano potseka sukulu," anatero. "Mukalephela, tizaitana wa mfuti. Pano pali ana."

Anali ndi mfundo, koma mtima unandiwawa. Ndinayamba kuyendayenda kumufunira pokhala, ngati mayi wofunira mwana wopulukira banja.

Woyamba kumutenga anali mlimi wa fodya wa ku Mwase, amene anyani ndi akuba ankamusowetsa tulo. Ndinamuuza zonse, osabisa kanthu. Anati galu aliyense amawongoka ndi chikoti. Sabata isanathe anamubweza atamumanga ndi luzi, nthiti zili zotupa, chifukwa analuma apongozi ake odzacheza. Wachiwiri anali mayi wamasiye wogula ntedza kumsika, mayi wamtima wabwino amene anamuphikira ngakhale matemba. Ameneyo anabwera akulira, chifukwa galu anagwetsa m'busa wawo pakhonde. Aliyense ankanena zofanana: galu wabwinobwino tsiku lonse, koma anthu akayamba kulonjerana, satana amamulowa.

Chinsinsi chake ndinachitulukira pochapa. Tinkafinya bulangete ndi mayi woyandikana nane nyumba, Mtumbuka, munthu amene galuyo ankamuona tsiku lililonse osamuchita kanthu, poti ine ndi iye tinkalonjerana m'Chinyanja. Bulangete litalemera, mayiyo anandiponyera nsonga ina nati, "Kola uku!" kutanthauza kuti ndigwire. Galu amene anali mtulo pansi pa mtengo wa mapapaya anadzambatuka n'kulumphira chitenje chake. Ndinamugwira m'khosi asanafike pathupi.

Panalibe mlendo, panalibe moni. Mayiyo atapita akutukwana, ndinamangirira galu pamtengo, n'kunena chapansipansi kuti, "Kola." Anakoka chingwe kufuna tambala amene ankadutsa. Ndinadikira akhale pansi, n'kunena kuti, "Makola." Chimodzimodzi. Ndiye anatembenuka kundiyang'ana akugwedeza mchira, kudikira kuti ndimuyamikire.

Ndinakhala pansi pafumbi pomwepo. Mlenje uja ankamutuma ndi liwu limeneli akaona gwape, kuti gwira. Ndipo m'boma lonse la Lundazi, kuyambira m'mawa mpaka madzulo, munthu aliyense wamakhalidwe ankamutuma galu wanga kuti agwire. Iye ankangomvera. Zikoti zonse zija anakwapulidwira kumvera.

Ndinayesa kumuiwalitsa, koma liwulo linali litalowa m'magazi, ndipo masiku otsekera sukulu ankayandikira. Ndinaona kuti pakufunika nyumba yopanda Chitumbuka, ya munthu wosalandira alendo. Ku Lundazi munthu wotere amasowa, koma analipo mmodzi. Anali kalaliki wa mu ofesi ina kuboma, wochokera ku Lusaka, amene ankati anamuponya kuthengo. Nyumba yake inali ndi mpanda wa waya ndi geti, ndipo ankadutsa anthu osapereka moni. Anthu ankamunena kuti ndi wonyada. Ine ndinati Mulungu wayankha, munthu wamwano wapeza ntchito.

Ndinamuperekera galu masana Loweruka. Ndinamufotokozera mwatsatanetsatane kuti liwu limeneli lisamveke pabwalo pake, ndipo pakabwera Mtumbuka ayambe wamanga galu.

"Ndiye kuti iyi imbwa ili na switchi?" anafunsa akuseka. "Osadandaula madamu, izankhala bwino maningi. Pano palibe wamene angena pageti."

Masabata oyamba ndinkadutsa dala pamsewu wake. Galu ananenepa, bweya unayamba kuwala, poti bamboyo ankabwera ndi mafupa a kubutchala. Ndinkagona tulo tabwino. Ndinadzitamanso kwa aphunzitsi aakulu kuti nkhani yatha popanda mfuti.

Zimene zinkachitika kuseri kwa mpandawo ndinazimva mochedwa. Bamboyo ankaitana anzake a ku ofesi kudzamwa mowa Lamlungu masana, ndipo akakhuta ankawaonetsa zodabwitsa. Ankatsegula geti, n'kuloza mbuzi ya eni ake, n'kukuwa liwu lija. Anzakewo ankawomba m'manja. Mbuzi zitawatopetsa anayamba kuthamangitsa ana otola mango kunja kwa mpanda. Liwu limene ndinamupatsa kuti alipewe, iye analisandutsa choseweretsa.

Tsiku lina analoza mayi wogulitsa makala amene anakana kutsitsa mtengo. Akuti ankangofuna kumuopseza. Mayiyo anali ndi thumba pamutu, sakanatha kuthawa. Galu anamung'amba mwendo moti anakasokedwa kuchipatala. Abale ake ndi anthu a kumsika anabwera ndi miyala ndi mipini. Bamboyo anadzitsekera m'nyumba, galu n'kumusiya kunja. Akuti galuyo sanathawe, anakhala pakhomo akukanda chitseko.

Ndinafika zonse zitatha. Mtembo wa galuyo anali atauponya kudzala, pamwamba pa zinyalala. Ndinabwereka khasu n'kumukwirira kuseri kwa dzalalo, anthu akundiyang'ana ngati wamisala. Wina anakuwa kuti mwini mankhwala wabwera kudzalira maliro. Mawa lake ndinapita kuchipatala kukaona mayi wa makala uja. Anatembenukira kukhoma, ndipo sindikanamudzudzula. Sanayendenso bwino, ntchito yosenza makala inathera pomwepo.

Bamboyo palibe chinamuchitikira. Anauza aliyense kuti galu anachita misala yekha, ndipo anthu anakhulupirira, poti mbiri ya galuyo ankaidziwa kale. Ndinayesa kufotokoza za liwu lija kumsika, kutchalitchi, ngakhale kwa aphunzitsi anzanga. Ankangoseka, amvekere ndiye kuti tileke kulonjerana chifukwa cha galu? Mpaka lero ndikakumbukira, ndimakwiyabe.

Patapita mwezi ndinakumana ndi bambo uja pokwerera minibasi za ku Chipata, atavala tayi, nsapato zikunyezimira. Aka kanali koyamba kuti andipatse moni. Anandigwira dzanja ndi manja awiri, nkhope ili yowala.

"Madamu, nenze kukufunani," anatero. "Ija imbwa inali na nzelu zoona, naimisinga, naisowa maningi. Mulibeko ina yamene imamvela Chitumbuka?"